Tsinde Limodzi, Mayina Atatu

Ndimaukonda mwambo wa mayina a mabanja ku Lithuania. Bambo akakhala Kazlauskas, mayi a kunyumba amakhala Kazlauskienė, mwana wawo wamkazi n'kukhala Kazlauskaitė. Kungomva dzina, wadziwa kale malo a munthu pakhomopo.

Tsinde la mayina atatuwa n'limodzi ndi la Kozłowski wa ku Poland, ndipo muzu wake ndi mawu akuti kozioł, kutanthauza tonde. Mayiko awiriwa anagwirizana ku Lublin mu 1569, n'kukhala pamodzi zaka zoposa 200, mayina akusinthidwa kamvekedwe pakamwa pa anansi. Mlakatuli Adam Mickiewicz, ku Lithuania amamutcha Adomas Mickevičius. Mathero a mayina ake awiriwa akunena chimodzi: mwana wa uje.

Kuyambira 2003, mkazi wa ku Lithuania wosafuna kuulula ngati ali pabanja kapena ayi amatha kungolemba Kazlauskė.