Waya, Dongo ndi Pepala: Kuunikanso Kafukufuku wa Momwe Ana a m'Makomboni a Lusaka Amaganizira za Malo

1.0 Chiyambi

Aliyense amene anayendapo mu Kalingalinga, mu Mtendere kapena mu Chawama dzuwa litapendeka anakumanapo ndi mnyamata akuyendetsa galimoto ya waya, chiwongolero chake chikumufika pachifuwa, matayala ake akukhota bwinobwino pamene mwini wapotoza dzanja. Mwana yemweyo akalowa m'kalasi napatsidwa pensulo kuti akopere chithunzi cha bokosi, mizere imamukana, ndipo mphunzitsi amamuwerengera m'gulu la ofooka. Kusiyana kumeneku kunasautsa akatswiri a kaganizidwe ka munthu pa Yunivesite ya Zambia kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mpaka m'ma 1990. M'nkhani ino tikuunika ntchito yawo, makamaka ya Robert Serpell, ndi maso a anthu ophunzira chiyankhulo. Ganizo lathu ndi lakuti kafukufukuyu anamuchotsera mwana wa m'komboni mlandu umene sanapalamule, koma anayesa manja ndi maso ake n'kusiya pakamwa pake, pamene pali umboni waukulu wa momwe iye amaganizira za malo ndi zizindikiro.

2.0 Mlandu umene mwana anapatsidwa

Mu 1960 William Hudson anafalitsa zotsatira za mayeso amene anachita ku South Africa. Chimodzi mwa zithunzi zake chinali cha mlenje wonyamula mkondo, nyama ya mtundu wa gwape ili pafupi, ndi njovu yojambulidwa yaing'ono pakati pa awiriwa kusonyeza kuti ili kutali. Woyesedwa akanena kuti mlenje akuloza njovu, ankawerengedwa kuti saona kutalikirana kwa zinthu m'chithunzi. Anthu akuda ambiri, makamaka osapita kusukulu, anayankha chomwecho, ndipo mbiri inabuka yakuti Mwafirika amaona chithunzi ngati chinthu chathyathyathya basi.

Jan Deregowski anabweretsa funsoli ku Lusaka. Mu 1968 anafotokoza momwe anayesera anyamata a sukulu ndi amuna ogwira ntchito za m'nyumba. Kuwonjezera pa zithunzi za Hudson, iye anawapatsa timitengo ndi dongo la m'sitolo kuti amange zimene akuona pa zojambula za mizere. Ambiri mwa amene mayeso a Hudson anawagwetsa anamanga zinthu zoimirira, zokhala ndi utali, mulifupi ndi msinkhu. Apa chikayiko chinalowa: munthu mmodzi sangakhale wakhungu ndi wopenya tsiku lomwelo. Choncho vuto linayenera kukhala mu njira yofunsira.

3.0 Chimene Serpell anachita bwino

Serpell anatenga chikayikochi n'kuchisandutsa kafukufuku wooneka wapafupi koma wakuthwa, amene anasindikizidwa mu 1979 mu British Journal of Psychology. Anayerekeza ana a ku Lusaka ndi ana a ku Manchester, ku England. Onse anapatsidwa ntchito imodzi, yokopera maonekedwe a chinthu, koma m'njira zosiyana: kujambula ndi pensulo papepala, kupinda waya, kuumba ndi dongo, ndi kutsanzira kaikidwe ka manja. Ana a ku England anapambana papepala. Ana a ku Lusaka anapambana pa waya. Pa dongo, limene magulu onse awiri ankalidziwa, panalibe kusiyana kwenikweni.

Ubwino wa kafukufukuyu uli pa kulosera kwake. Serpell sanadikire zotsatira kuti apeze chodzikhululukira pambuyo pake. Anayamba waona zimene ana amaseweretsa kwawo, nanena mbali imene gulu lililonse lidzapambane. Chikhala kuti ana a ku Lusaka anali ndi chilema cha kapenyedwe, chilemacho chikanawatsata mpaka pa waya. Chimene chinaoneka ndi chakuti luso lozindikira maonekedwe limakulira pamodzi ndi chipangizo chimene manja anazolowera.

Ife a chiyankhulo sitingadabwe nazo. Chinyanja chili ndi mneni wakewake pa chipangizo chilichonse: timaumba dongo, timasema mtengo, timaluka mlaza, timapinda waya, timajambula papepala. Mmisiri wosema mitondo sitimuyembekezera kuumba mbiya. Zimene chiyankhulo chinasiyanitsa kalekale, mayeso ochokera kunja anaziika m'dengu limodzi lotchedwa nzeru, nasankha pepala kuti liyankhulire zonse.

Chipatso china cha ntchitoyi ndi mayeso otchedwa Panga Munthu, amene mwana amaumba munthu ndi dongo ndipo woyesa amawerenga ziwalo ndi kulingana kwake. Mayesowa analowa m'malo mwa aja ojambula munthu papepala amene Florence Goodenough anayambitsa ku America mu 1926. Bernice Ezeilo anawayesa mu 1978, ndipo Ravinder Kathuria ndi Serpell anafalitsa miyezo yake mu 1998. Kusamukira ku dongo kunali kwanzeru, pakuti galimoto za waya kwenikweni ndi ntchito ya anyamata, pamene dongo amaliseweretsa anyamata ndi atsikana omwe.

4.0 Chifanizo ndi chizindikiro

Tsopano tifike pamene tikusiyana ndi ambiri amene amatchula kafukufukuyu. Pali chizolowezi chonena kuti popeza mwana wa ku Kanyama amapanga galimoto ya waya, ndiye kuti wakonzeka kale kumva mapu, zithunzi za masamu ndi zilembo. Kulumpha kumeneku nkwakukulu, ndipo mawu awiri a chiyankhulo chathu angatithandize kuona dzenje limene lili pakati. Chifanizo chimachokera ku kufana: chimagwira ntchito chifukwa chimaoneka ngati chinthu chenichenicho. Chizindikiro chimachokera ku kuzindikira: chimagwira ntchito chifukwa anthu anagwirizana kuti ichi chiziimira icho, kaya zikufana kaya ayi. Galimoto ya waya ndi munthu wa dongo ndi zifanizo. Nambala 7, chilembo cha m, ndi kamtanda koimira chipatala pamapu ndi zizindikiro. Mayeso a 1979 ndi a Panga Munthu anayesa luso lofanizira; sanafunse ngati mwana angagwiritse ntchito chinthu chimodzi kuti adziwe za chinthu china chimene sakuchiona.

Kuti ziwirizi n'zosiyana zinaonekera m'kafukufuku wa Judy DeLoache wa mu 1987 ku America. Iye ankabisa kachidole m'kachipinda kakang'ono kofanizira, mwana akuona, kenako n'kumuuza kuti akapeze chidole chachikulu pamalo omwewo m'chipinda chenicheni. Ana a zaka 3 ankachipeza. A zaka ziwiri ndi theka ambiri ankalephera, ngakhale ankakumbukira bwino pamene kachidole kanabisidwa. Chodabwitsa n'chakuti ana aang'onowo ankachita bwino akaonetsedwa chithunzi m'malo mwa kachipinda kaja. DeLoache anafotokoza kuti mwana ayenera kugwira zinthu ziwiri m'mutu nthawi imodzi: kuti ichi ndi chinthu pachokha, komanso kuti chikuimira china. Chinthu chikakhala chokoma kuchigwira, mbali yachiwiriyo imabisika.

Phunziro lake kwa ife ndi lakuti waya si mlatho wodziyala wokha. Mwana angathe kukonda galimoto yake ngati galimoto, osaiona ngati chonena za minibasi imene imapita ku Kulima Tower. Chimene chimasandutsa choseweretsa kukhala choimira china ndi mawu: pamene mmodzi mwa osewera alemba mzere pansi nanena kuti uwu ndi msewu, mwala uwu ndi siteshoni, apa ndi pamsika. Mawu amenewo mayeso aja sanawalembe, chifukwa anapangidwa mwadala kuti mwana ayankhe ndi manja. Cholinga chinali chabwino, chopewa kumulanga mwana chifukwa cha Chingerezi, koma pothawa Chingerezi anathawanso Chinyanja.

5.0 Malo m'kamwa mwa mwana

Jean Piaget ndi Bärbel Inhelder, m'buku lawo la mu 1948, ananena kuti mwana amayamba kumva za kuyandikana, kulekana, kutsatana ndi kuzingidwa kwa zinthu, asanafike pa miyeso, ngodya ndi kaonekedwe ka chinthu kuchokera mbali zosiyana. Maganizo oyambirirawa m'Chinyanja ali m'magulu a mayina enieniwo, magulu a Pa, Ku ndi Mu. Taonani zitsanzo izi:

(1) Pachitsime pali anthu.
(2) Kuchitsime kuli anthu.
(3) M'chitsime muli madzi.

Dzina ndi limodzi, koma (1) akunena za malo enieni okhudzana ndi chinthucho, (2) za dera kapena kolowera, (3) za mkati. Mneni nayenso akuvala mgwirizanitsi wa malowo, monga Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva anafotokozera mu 1989 polemba za ziganizo za Chichewa zimene malo amakhala mwininkhani. Tsinde limodzi limabala mawu atatu: pamwamba, kumwamba, m'mwamba, patsogolo, kutsogolo, m'tsogolo. Oloza nawo amagawa mtunda: pano, apa, apo, paja, kuno, uku, uko, kuja, muno, umu, umo, muja. Mwana wa zaka 4 amene amati "ndachisiya muja" wasankha kale zinthu ziwiri, kuti malowo ndi a mkati ndiponso kuti iye ndi womvera onse akuwadziwa ngakhale sakuwaona. Uku ndi kuloza chinthu chosaoneka pogwiritsa ntchito mgwirizano, ndiye phata la chizindikiro.

Soonja Choi ndi Melissa Bowerman anaonetsa mu 1991 kuti ana oyankhula Chikoreya ndi oyankhula Chingerezi amagawa maganizo a malo motsata chiyankhulo chawo adakali aang'ono kwambiri. Ngati zili chomwecho, mwana wa Chinyanja amafika kusukulu ndi magawidwe akeake, ndipo sagwirizana ndendende ndi a Chingerezi: iye amakhala m'basi pamene Mngerezi amati on the bus. Tikumbukire kuti kuyambira mu 1966 ana a ku Zambia ankaphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Giredi 1, kotero ana amene anayesedwa m'zaka zija ankakumana ndi pepala ndi chiyankhulo chachilendo tsiku limodzi. Ndondomeko ya maphunziro ya mu 1996 inatsegula khomo loyamba kuwerenga m'ziyankhulo za m'dziko, ndipo mu 2014 Chinyanja chinayamba kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa m'makalasi oyamba a mu Lusaka. Aphunzitsi akhala akudandaula, ndipo n'zoona, kuti Chinyanja cha m'buku si cha m'komboni: mwana amati vinthu, manje, kukamba, pamene buku likuti zinthu, tsopano, kulankhula. Koma pa, ku ndi mu sizinagwe m'Chinyanja cha m'tauni, ndipo zilinso m'Chibemba ndi m'Chinsenga. Pa nkhani ya malo, ana a makomo osiyanasiyana amaima pa nthaka imodzi.

6.0 Kutumidwa

M'buku lake la mu 1993, The Significance of Schooling, lochokera ku kafukufuku wa pakati pa Achewa a m'boma la Katete, Serpell anaonetsa kuti akuluakulu poyesa nzeru za mwana amaona kuchenjera pamodzi ndi kutumikira. Iye anatsindika mbali ya kutumikira ngati udindo ndi kukhulupirika. Ife tikuonamo chinanso chimene kafukufuku wake wa ku Lusaka akanapindula nacho. Kutumidwa ndi ntchito ya malo. Matero anayalidwa ndi boma, ndi misewu yake yolunjika. Koma George ndi mbali zambiri za Kanyama zinamera zokha, ndipo ngakhale ntchito yokonza makomboni imene inayamba mu 1974 ndi thandizo la World Bank inadula misewu mu George ndi mu Chawama, tinjira tambiri tilibe mayina. Mwana wotumidwa kumeneko amanyamula mapu a mawu, monga awa:

(4) Ukafika pa pompi, upite kumbuyo kwa chigayo. Nyumba ili pafupi na kantemba.

Kuti afike, ayenera kusunga ndondomeko ya malo atatu, kuzindikira kuti chigayo chili ndi kumaso ndi kumbuyo kwake, ndi kutembenuza zonsezo pobwerera. Dzinja likafika, madzi akadzaza njira monga amachitira ku Kanyama, ayenera kupeza njira ina yofikira pamalo omwewo, chimene sichitheka popanda chithunzi cha dera lonse m'mutu. Mtsikana wotumidwa kumsika, wosewera chiyato, wodumpha m'mabwalo olembedwa pansi, akuchita zimenezi tsiku ndi tsiku, ngakhale sanapindepo waya. Kafukufuku amene akanayamba ndi kutumidwa akanamupeza.

7.0 Mawu omaliza

Sitikuchepetsa ntchito ya Deregowski ndi Serpell. Popanda iwo, chithunzi cha mlenje ndi njovu chikanapitiriza kuweruza ana athu. Chimene tikukana ndi kuimira pamene iwo anaimira. Kwa mphunzitsi wa chiyankhulo, njira yochokera pabwalo kupita papepala ili ndi masitepe oonekeratu. Mwana afotokoze ndi pakamwa njira yochokera kwawo kufika kusukulu. Aiyale pansi ndi miyala, zitsekerero ndi waya, akutchula chimene chilichonse chikuimira. Aisamutsire papepala. Kenako kalasi igwirizane kuti m'malo mojambula chigayo chonse tiziika kabwalo, m'malo mwa pompi kadontho. Pomaliza mnzake atenge pepalalo akapeze chinthu chobisidwa. Pa sitepe yachinayi chifanizo chasanduka chizindikiro, ndipo pa yachisanu mwana waona yekha kuti chizindikiro chimagwira ntchito ngakhale mwini wake palibe, chomwenso ndi chinsinsi cha zilembo.

Kwa ife ofufuza, ntchito imene ikutiyembekezera ndi yolemba mawu enieni a ana a mu Kalingalinga ndi Mtendere, makomboni amene ali pakhomo penipeni pa yunivesite, pamene akulozerana njira, akukangana pa nsolo, akugawana malo a masewera. Tidziwe msinkhu umene pa, ku ndi mu zimakhazikika, ndi umene kumanja ndi kumanzere zimayamba kudalirika. M'mera m'poyamba, ndipo mmera uwu ndi wa m'munda mwathu, ife a chiyankhulo.