Liwu Lakuti "Mphwa" ndi Kulowa Ufumu: Kuwerenga Mbiri ya Achewa mu Lusaka

Buku la S. J. Ntara, Mbiri ya Achewa, linatuluka m'zaka za m'ma 1940, ndipo linalembedwera anthu amene sanafunikire kuuzidwa kuti woyenera kulowa ufumu ndani. Mlembi akachula Nyangu, iwo anadziwiratu kuti mpando wa Kalonga umatsata bele la mkazi: wolowa ndi mbale wa mfumu wa mimba imodzi, kapena mphwa, ndiye kuti mwana wa mlongo wake. Cimene Ntara anaciyesa codziwika kale ndico cakhala bvuto kwa mphunzitsi wa mu Lusaka.

Mwana wokulira ku Kabwata kapena ku Chelstone amachedwa dzina la atate ake. Pa Cinyanja ca m'tauni, liwu lobwereka lakuti "ankolo" likuphimba "amalume", motero mlongo wa amai ndi mbale wa atate asanduka munthu mmodzi. Pamene malume wazimirira, mphwa nayenso alibe poima. Mwana wotere akamva "mwana wa mfumu" amaona wolowa ufumu, monga zikhalira kwa Angoni a Mpezeni. Lamulo la 1989 lonena za cuma ca masiye linalimbitsa maganizowa, popeza linapatsa ana theka la cuma ca kholo lofa popanda kulemba cikalata. Ambiri amaiwala kuti lamulo lomwelo silikhudza katundu wa ufumu kapena malo a makolo.

Citsanzo ciri pafupi. Kalonga Gawa Undi XI, amene analowa mu 2004, dzina lao ndi Frederick Daka, koma ufumuwo ndi wa Aphiri. Wophunzira amene sadziwa bele adzafunsa kuti a Daka analowa bwanji. Funsoli ndi la cinenero lisanakhale la mbiri, ndipo lingathe kusautsa ngakhale Acewa a ku Woodlands ndi Kabulonga amene amapita ku Kulamba ku Mkaika mwezi wa Ogasiti.

Kope la Cingerezi la 1973, lomasuliridwa ndi W. S. Kamphandira Jere, liri ndi ndemanga za Harry Langworthy zothandiza wofufuza mbiri. Mphunzitsi wa Cinyanja afunika cina. Ife tiona kuti mau monga mbumba, bele, nkhoswe ndi mphwa ayenera kuphunzitsidwa bukuli lisanatsegulidwe. Ndiponso ophunzira amve kuti kubadwa kumangotsegula khomo: pakati pa aphwa oyenera, mbumba ndi akuluakulu ndiwo amasankha.