Manja owalitsa galimoto ku Emmasdale

Ku Emmasdale, m'mbali mwa msewu wa Great North, kuli amisiri amene ndimawavulira chipewa: owalitsa penti ya galimoto ndi makina ozungulira. Galimoto zambiri mu Lusaka zinabwera zitayenda kale ku Japan, ndipo fumbi la m'chilimwe ndi dzuwa la Okutobala sizichedwa kuzifwifwitsa.

Wophunzira sayambira pa galimoto ya kasitomala, ayi. Amayambira pa boneti yotayidwa, mkulu wake ali chilili pambali, akumukumbutsa kuti asapanikize dzanja komanso asaime pamalo amodzi. Penti yapamwamba yoonekera mkati, yomwe imanyezimira ija, ndi yopyapyala kuposa pepala. Makina akakhalitsa pamalo amodzi imatentha n'kupsa, makamaka m'mphepete mwa zitseko, n'chifukwa chake amayamba amatapo tepi. Poyamba amagwiritsa ntchito ubweya ndi mankhwala okhakhala kuchotsa zokalika, kenako siponji yofewa kufufuta timizere tozungulira tomwe ubweyawo wasiya.

Kuleza mtima kwawo kumandigwira mtima. Amakhudza chitsulo ndi chikhatho kuti amve kutentha, n'kudikira chizizire. Akamaliza amatulutsira galimotoyo padzuwa, poti mumthunzi timizere timabisala, ndipo akatiwona amabwerera kukayambiranso.