Nthabwala za Chikhristu Pamaso pa Mlendo

Mipingo ina ya ku Britain ndi ku United States imakonza madzulo a nthabwala, pomwe mkhristu amaitana mnansi kapena mnzake wa kuntchito amene sapemphera, ndipo wanthabwala amaima yekha kutsogolo ndi maikolofoni, popanda sewero kapena womuthandiza. Okonza amafuna kuti mlendo alowe pakhomo la tchalitchi mopanda mantha, koma cholinga chimenechi chimasenzetsa wanthabwala katundu amene mlaliki samudziwa, chifukwa ulaliki umatha kupitirira anthu ali chete, pamene nthabwala yosaseketsa imaonekera poyera nthawi yomweyo.

Nthabwala imakhala ndi mbali ziwiri: chiyambi, chimene chimatsogolera maganizo a womvera kunjira imodzi, ndi mawu otsiriza, amene amawatembenuza mwadzidzidzi. Kutembenukako kumatheka pokhapokha womvera akudziwa kale zimene zikukambidwa, ndipo apa ndi pamene anthabwala ambiri a mumpingo amapunthwa. Nkhani ya mkulu wa mpingo amene pemphero lake silitha, kapena ya kwaya yokanganirana nyimbo, imagwetsa akhristu ndi phwete, koma mlendo amangoyang'ana uku ndi uku, n'kuzindikira kuti m'chipindamo muli eni nyumba ndi iye wobwera. Motero kuseka kumene kunayenera kumukokera pafupi kumamukumbutsa kuti ali kunja, ndipo choipa kwambiri n'chakuti wanthabwalayo, pomva phokoso la anzake, amapita kwawo akuganiza kuti zayenda bwino.

Ntchito ya Milton Jones ndi Tim Vine, anthabwala a ku Britain amene sabisa chikhristu chawo, imasonyeza njira ina. Jones analandira mphoto ya Perrier ya wanthabwala watsopano ku Edinburgh mu 1996, ndipo Vine analowa m'buku la Guinness mu 2004 atanena nthabwala 499 mu ola limodzi. Onse awiri amadalira nthabwala zazifupi zosewera ndi matanthauzo a mawu, zimene munthu aliyense wodziwa Chingelezi angazimve popanda kudziwa Baibulo, ndipo luso lawo linakhwimira pamaso pa anthu olipira pakhomo, amene saseka chifukwa cha chifundo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuitsindika, popeza mipingo imakonda kuyesa nthabwala ndi muyeso umodzi wokha, woti ilibe zolaula. Kusatukwana n'kwabwino ndithu, koma pakokha sikunaseketsepo munthu, ndipo mlendo wozolowera akatswiri a pa wailesi yakanema amazindikira msanga ntchito yosapsa.

Palinso funso la amene akusekedwa. Wanthabwala akamaseka zofooka zake ndi za mpingo wake, mlendo amamasuka poona kuti okhulupirira amadziwa zilema zawo. Akatembenukira kwa osakhulupirira, ndiye kuti wanyoza munthu amene anamuitanira yekha ku chakudya.

Malo ovuta kuposa onse ndi pamene nthabwala zikutha ndipo umboni ukuyamba, umboni kutanthauza nkhani ya mmene munthu anafikira pa chikhulupiriro. Pa nthabwala, womvera amalola kukokomeza ngakhale kupeka, chifukwa onse akudziwa kuti ndi masewera, koma pa umboni amayembekeza zoona zokhazokha, ndipo wanthabwala wosamala amasonyeza malirewo poyera: amatsitsa liwu, amachepetsa liwiro, n'kunena mosabisa kuti zotsatirazi akuzinena moona mtima. Okonza nawonso ayenera kulemba pa chiitano kuti padzakhala mawu a chikhulupiriro, kuti mlendo asadzione ngati nsomba yokodwa ndi nyambo. Mbiri ya Mike Warnke wa ku United States imasonyeza zimene zimachitika malirewo akafafanizika. Iye anatchuka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 posakaniza nthabwala ndi nkhani yoti anali mkulu wa opembedza Satana asanatembenuke mtima, ndipo anthu amene anabwera kudzaseka ankalandira nkhaniyo ngati yoona, mpaka mu 1992 pamene magazini ya chikhristu ya Cornerstone inafunsa anthu amene anamudziwa pa unyamata wake, n'kupeza kuti masiku ndi zochitika za umboniwo sizinkagwirizana ndi moyo umene iye anakhaladi.