Chala cha Al Joad m'difu

M'mutu 10 wa nthano yaitali ya John Steinbeck, The Grapes of Wrath, yomwe inatuluka mu 1939, muli kachigawo kamene owerenga ambiri amangokapyola pothamangira msewu wa Route 66 ndi imfa zimene zikudikira m'njiramo. Kunja kwayamba kuchita mdima, banja la a Joad lasonkhana pambali pa galimoto yawo, Hudson Super Six yakale imene aidula msana n'kuikhomera matabwa kuti ikhale lole. Amuna anjuta, akazi aimirira kumbuyo, agogo aamuna akhala pa chopondera cha galimotoyo. Bambo a banjali atchula ndalama zonse zimene zatsala, madola 154, zoti zifikitse anthu 13 ku California kuchokera ku Oklahoma. Apo m'pamene mwana wawo Al, mnyamata wa zaka 16 amene masiku onse ankaima kumbuyo ndi akazi, akulankhula koyamba pabwalo la akulu, kufotokoza chifukwa chimene anasankhira galimotoyi. Umboni wake woyamba si injini, si matayala, si mtengo. Akuti anapisa chala m'difu ndipo sanapezemo utuchi.

Kuti chiganizo chimenechi chimveke kulemera kwake, tiyenera kudziwa chimene chalacho chinalowamo. Difu ndi chimphika chachitsulo chimene chimakhala pakati pa matayala akumbuyo. Shafiti yochokera ku giyabokosi imazunguza giya yaing'ono, giyayo imaluma ina yaikulu yonga mphete, mphamvu n'kukhota kupita ku matayala onse awiri, pamene timagiya tina m'katimo timalola tayala lakunja kuthamanga kuposa lam'kati galimoto ikamakhota. Zonsezi zimasambira m'oyilo wolemera, ndipo sizioneka. Injini ili ndi poionera: ukatsegula boneti umaona utsi, dzimbiri, madontho. Difu ilibe zenera. Ili ndi kabowo kothirira oyilo kotsekedwa ndi bawuti, ndipo amakaniko mpaka lero amamasula bawutiyo n'kupisa chala: oyilo akafika pamlomo wa bowo ndiye kuti alimo wokwanira, ndipo chala chikatuluka chimanena zambiri za mtundu wake, fungo lake, ndi tizitsulo timene mano a magiya atafuna. Steinbeck wasankha mbali ya galimoto imene diso silingaweruze, ndipo wampatsa Al chida chimene munthu wosauka sachita kugula.

Koma utuchi ukuchokera kuti? Palibe wina aliyense pabwalopo amene wautchula. Yankho lili mitu itatu m'mbuyo. Nthanoyi, ya mitu 30, inamangidwa mosinthanasinthana: mutu wa banja la a Joad, kenako mutu waufupi wopanda apangankhani odziwika, momwe anthu osatchulidwa mayina amalankhula m'malo mwa khamu lonse. Mutu 7 ndi umodzi mwa mitu yotereyi, ndipo pafupifupi wonse ndi pakamwa pa wogulitsa magalimoto akale. Ziganizo zake n'zoduka, zopanda mpumulo, mayina a magalimoto akuwunjikana ngati kuitanira malonda pamsika, mawu okoma kwa wogula akusemphana mzere womwewo ndi malamulo onong'oneza kwa wantchito wake. M'kati mwa phokosoli, iye wamva kumbuyo kwa Chevrolet ina kukulira moipa, akuyerekeza kulirako ndi mabotolo osweka, ndipo akulamula kuti athiremo utuchi, wina m'magiya, kuti galimotoyo ichoke pa madola 35. Chinyengochi n'chenicheni: utuchi umamwa oyilo, umafufuma, umadzaza mpata umene uli pakati pa mano akutha, ndipo difu imakhala chete kwa masiku okwanira kuti wogula afike kutali. Kenako umauma, mabering'i n'kupsa. Mlembi sakufotokoza zimenezi. Akuponya lamulolo pakati pa malamulo ena n'kupitirira, ngati kanthu kosafunika kukakumbukira.

Chotero lipoti la Al ndi yankho kwa munthu amene sanakumane naye patsamba lililonse. Wogulitsa wa m'mutu 7 alibe dzina, ndipo nthanoyi sinena kuti ndiye anagulitsa Hudson kwa a Joad. Al sanamve mawu ake. Amene wamva mbali zonse ziwiri ndi wowerenga yekha, ndipo chisangalalo cha ndimeyi chili pakuona msampha uliwonse umene unatcheredwa uko ukuwonjoledwa kuno. Uko anathira utuchi kumbuyo ndi m'magiya. Kuno mnyamata wafufuza difu kenako giyabokosi, m'ndondomeko yomweyo. Uko analamula kuti batire labwino lichotsedwe galimoto isanaperekedwe, aikemo lakufa. Kuno Al waona batire long'aluka n'kuumiriza wogulitsa kuti alisinthe. Anthu ena amadandaula kuti mitu yapakatiyi imadodometsa nkhani, koma ndime iyi ikuonetsa mmene mitu iwiriyo imalumirana, giya yaing'ono ndi yaikulu. Popanda mutu 7, chala cha Al chikanakhala chizolowezi chabe cha munthu amene anayendetsapo lole ya kampani. Ndi mutu 7, ndicho chikulekanitsa banja limene lifike ndi mabanja amene tiwaone atakhala m'mphepete mwa msewu.

Kamangidwe ka mawu a Al kakuyenera kuunikidwa pakokha. Akuyamba ndi kuvomera kuti galimotoyo ndi yakale ndiponso yovuta, zimene wogulitsa sanganene, ndipo nthawi yomweyo akuti sanamvere zokamba za munthuyo zoti mtengo wake ndi wabwino. Watseka khutu kaye, kenako watambasula dzanja. Zotsatira ndi ziganizo zazifupi zoyamba ndi mneni, mwininkhani atasiyidwa: kupisa, kutsegula, kuyesa kilachi, kuzunguza matayala, kulowa pansi. Mneni aliyense ndi ntchito ya thupi, ndipo mayendedwe a ziganizozo akutsata munthu amene akuzungulira galimoto mpaka kugona chagada m'fumbi. Chodabwitsa n'chakuti zimene wapeza pafupifupi zonse n'zokana. Mulibe utuchi, mulibenso utuchi, chasesi sichinapindike, galimoto sinagubuduzikepo, siikulavula oyilo. Chibwereza cha kukanaku ndicho chimapatsa ndimeyi kugunda kwake, ndipo chikunena zoona zowawa za msika umenewu: wosauka sayamikira chinthu chifukwa cha ubwino umene chili nawo, amangowerenga zoipa zimene sizinapezeke. Mawu okhawo oyamikira ali kumapeto, ndipo ngakhale amenewo ndi a kumanda a magalimoto. Al akuti akanatha kupeza galimoto yaikulu ndi yokongola pa ndalama zomwezo, koma Hudson Super Six zadzaza kwa ophwasula magalimoto, kotero masipeya ake ndi otchipa. Wasankha galimoto poganizira tsiku limene idzawonongeke. Mnyamata amene mitu yam'mbuyo yamuonetsa ngati wothamangira atsikana, chipewa chopendekera, akuganiza ngati nkhalamba imene yakwirira anthu ambiri.

Pali china chimene bwalo silikudziwa. Masamba ochepa m'mbuyo, m'mutu womwewu, mfotokozankhani watilowetsa m'mutu mwa Al akuyendetsa galimoto pobwerera kokagulitsa katundu wa banja, katundu yense amene anapita pa madola 18 okha. Maso ake akudumpha pakati pa msewu ndi mageji, dzanja lili pa ndodo ya magiya kumvera kunjenjemera kwake, ndipo khutu lagwira kulira kwina kopyapyala kumene akuganiza kuti mwina ndi difu youma. Mawu oti mwina amenewa ndiwo mtima wa chigawo chonse. Pabwalo, Al watchula matayala oipa, watchula kuti galimotoyo idzawakhutchumula, koma kulira kuja sakukutchula. Sakunama, chimene chala chinapeza n'choona. Kungoti chala chimanena za tsiku limene chinapisidwa. Sichinena ngati oyiloyo adzakhalamobe mawa, galimoto itasenza matiresi, mbiya za nyama ya nkhumba yothira mchere ndi anthu khumi ndi atatu. Steinbeck waika kukayika patsogolo, chitsimikizo pambuyo, kotero pamene agogo akuyamikira mnyamatayo, ife timamva kulira kuja pansi pa mawu awo.

Aliyense amene anagonapo pansi pa galimoto yolemera amadziwa kuti mantha a Al ali ndi maziko. Magalimoto akuluakulu okhalamo a ku America masiku ano, aja okhala ndi khitchini, bedi ndi bafa, amatha kudontha oyilo wa m'difu m'malo awa: pa mphira wotseka pamene shafiti imalowera m'difu, pa mphira wa kumatayala, kapena pamlumikizano wa chivundikiro.   Ndipo difu ikauma siyamba ndi kusweka; imayamba ndi kulira kopyapyala kumene kumakwera ndi liwiro. Steinbeck ankazidziwa zitsulo, ndipo mu 1960 iye mwini anazungulira dziko lakelo pa lole ya GMC yosenza kanyumba, imene anaitcha Rocinante. Koma Hudson ya a Joad ndi nyumba yoyenda ya mtundu wina, ya anthu amene nyumba yawo yagwetsedwa ndi thirakitala. Mutu 10 womwewu ukunena poyera kuti moyo wa banja wachoka m'nyumba ndi m'minda n'kusamukira pa galimotoyi, n'chifukwa chake bwalo likuchitikira pambali pake osati pakhonde.

Mayankho a akulu ndi aafupi, ndipo lililonse likuchita ntchito yake. Agogo aamuna, amene ufumu wawo watsala wa dzina lokha, akuyamba ndiwo monga mwa mwambo, ndipo chiyamikiro chawo n'chodzitamandira: nawonso anali wopulupudza paunyamata, koma ntchito ikabwera ankaigwira. Tom, mkulu wake wa Al, amene anaphunzira za magalimoto kundende ya McAlester, akuvomereza mwachidule, ndipo Al akufiira nkhope ndi chimwemwe. Koma mawu olemera ndi a bambo awo. Iwo akuti zikanakhala za akavalo sakanamusenzetsa Al mlandu, koma m'banjamo wodziwa magalimoto ndi iye yekha. Sakunena za ulemu kapena udindo. Akunena za mlandu, galimoto isanawonongeke n'komwe. M'chiganizo chimodzi munthu amene ankadziwa kutsegula kukamwa kwa kavalo n'kuwerenga zaka zake pa mano akuvomera kuti nzeru zake zatha ntchito, ndipo mano amene akufunika tsopano ali m'chimphika chimene iye sangachiwerenge. Al walowa m'bwalo la amuna, koma khomo lake ndi limenelo. Mfotokozankhani anali atatiuza kale kuti chinthu chikadzathyoka palibe adzamuloze chala, koma aliyense adzadziwa, makamaka iye mwini.

Wowerenga amene watchera khutu ku difu ya Hudson amadikira kuti iphulike, ndipo Steinbeck amamusiya akudikira. Kuwonongeka kwakukulu kukubwera m'mutu 16, ku New Mexico, ndipo sikukugwera Hudson koma Dodge ya 1925 ya banja la a Wilson, anzawo a paulendo, galimoto imene Al sanaisankhe. Bering'i ya m'injini yapsa iye ali pachiwongolero, ndipo mawu ake oyamba odziteteza ndi a oyilo: anaonetsetsa kuti alimo wokwanira. Palibe wamufunsa. Kalosera wa m'mutu 10 wakwaniritsidwa mokhota, pakuti mlandu uja wamupeza pa chitsulo cha eni ake. Ndipo sipeya akukaipeza kwa ophwasula magalimoto, malo omwe iye anawawerengera kuyambira pachiyambi.

Hudson yokhayo ikuwoloka chipululu cha Mojave ku California, ikuwanyamula kuchoka pa msasa wina kupita pa wina, difu yake osauma. Chiweruzo cha mnyamata wa zaka 16 chinali cholondola pa chilichonse chimene chala chikanafikapo. M'mutu womaliza mvula yagwa masiku ambiri, mtsinje wagumula chipupa chadothi chimene amuna anamanga usiku, ndipo Al akuthamangira ku galimoto ija m'madzi. Akuyesa kuiliza ndi batire mpaka mphamvu yake kutha, akuyesa ndi chipukuso cha pamanja, injini yanyowa ndipo siikuyankha. Madzi akukwera m'mbali mwa matayala, kudutsa pa bowo lija limene anapisamo chala ku Oklahoma.