Luso la Mlonda Pageti Lamagetsi

Geti loyenda ndi mota limanamiza anthu kuti ntchito ya mlonda yatha. Bwana amangodina limoti ali m'galimoto, chitsulo chonse chija n'kumasereseka chokha panjanji yake. Koma magetsi akazima nthawi yaitali, batire la mkati mwa mota n'kutheratu, mpamene timadziwa amene amalidziwadi geti pakhomopo.

Kuno kwathu tinaziona bwino mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Abale athu ogwira ntchito m'nyumba za ku Johannesburg anaziona mu 2023, Eskom ikuzimitsa magetsi kangapo patsiku. Mota zambiri za mageti, monga Centurion D5 yopangidwa ku South Africa, zimayendera batire la mavoti 12, ndipo magetsi a m'nyumba amangolitchaja. Batire lotere silipirira kuphweratu kawirikawiri. Limafooka, tsiku lina geti n'kuima pakati, galimoto ili pamsewu usiku.

Munthu wosadziwa amafika ndi mphamvu. Amakankha ndi phewa, amaitana mnzake, geti osasuntha ngakhale pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti m'bokosi la mota muli giya yamazinga ngati sikuluwu, imene imazunguza giya inzake koma yosalola kuzunguzidwa kuchokera kugeti. Loko weniweni wa getilo ndi ameneyu. Wolimbana naye amangothyola mano a mpiringidzo umene unamangiriridwa m'munsi mwa geti, ndipo kukonza kwake si ndalama zochepa.

Mlonda waluso safulumira. Amagwada pambali pa mota, tochi kukamwa, n'kutsegula kachitseko ka kutsogolo ndi kiyi wake. Mkatimo muli kawilo kakang'ono kozunguza ndi chala, ndipo amakapotoza motsata kayendedwe ka wotchi mpaka giya itamasuka. Apa mpamene ine ndimagomera. Nthawi zambiri kawiloko kamalimba, chifukwa kulemera kwa geti kwatsamira pamano a giya. Wachibwana amatenga pulayala. Katswiri amaika dzanja lina pageti, n'kuligwedeza pang'ono uku ndi uku, kwinaku chala chikumvera kawilo. Mano akangopepukidwa, kawilo kamatembenuka mosavuta. Zimafanana ndi kumasula mbuzi imene yakoka chingwe: umayamba waikokera kuchikhomo kuti mfundo ifewe. Palibe anamuphunzitsa m'kalasi munthuyu, zala zake zinaphunzira zokha usiku wamvula.

Geti likamasuka, ngozi ndiye yayamba. D5 inapangidwira mageti olemera mpaka makilogalamu 500, ndipo cholemera chotere chikakhala pamawilo chopanda buleki sichimva kukuwa. Ngati bwalo lili lotsetsereka, chimathamanga chokha, ndipo chitsulo choimitsa kumapeto kwa njanji chikakhala chofooka, geti limatha kupitirira n'kugwera munthu. N'chifukwa chake mlonda wabwino salikankha n'kulisiya. Amayenda nalo phazi ndi phazi, atagwira pafelemu, zala kutali ndi mipata ya zitsulo imene imadutsa pachipilala. Ana amayamba wawathamangitsa. Ndipo mukamuona m'mawa akusesa timiyala ndi mchenga panjanji, musamayese kuti akungofuna kuoneka wotanganidwa; kamwala kamodzi kamakwanira kuimitsa wilo.

Mageti otseguka ngati chitseko ali ndi zawo. Mkono wa mota umamasulidwa ndi kiyi, ndipo kukakhala mphepo, chitsekocho chimafunika kuchigwira zolimba n'kuchitchinga ndi mwala chisanamenye galimoto.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti geti lomasulidwa silokhoma ayi, wakuba atha kulitsegula ndi dzanja limodzi. Galimoto ikalowa, mlonda amatseka, n'kubweza kawilo kaja, kenako amasuntha geti pang'ono mpaka atamva kuti giya yagwira. Ngati n'kofunika kuti likhale lomasuka usiku wonse, amakoloweka tcheni ndi loko. Magetsi akabwera, geti likayamba kuyenda pang'onopang'ono ulendo woyamba, iye sadandaula. Amadziwa kuti mota ikufunafuna kaye maginito amene ali pageti kuti izindikire pamene yaima.

Vuto limene latsala ndi la kiyi. Poopa akuba, anthu ambiri amatsekera mota m'khola lachitsulo lokhala ndi loko wake, makiyi onse n'kukhala m'thumba la bwana amene ali kuntchito kapena kumudzi kumaliro. Moto utabuka m'nyumba, kapena wina atadwala mwadzidzidzi usiku magetsi kulibe, luso lonse la mlonda lingathere pakhola lokhomalo. Eni nyumba, dulitsani kiyi wina, mumupatse mlonda wanu, ndipo amayi ndi ana okulirapo awaonetse kamasulidwe kake masana, magetsi akadalipo.