Olemba zikwangwani a pa Mwanza

Pa msewu wa M6, wolowera ku Zobue ndi Tete, anthu amadutsa mothamanga, ndipo sitolo yopanda chikwangwani chooneka patali amangoipitirira. Apa ndiye pamadyera amisiri olemba ndi penti, amene kawirikawiri sitiwawerengera m'gulu la aluso.

Taonani mmisiri akulemba dzina la golosale pakhoma. Amayamba wakunga chingwe chopaka choko, n'kuchikoka pang'ono kuti chimenye khoma ndi kusiya mzere. Zilembo amaziyeza ndi diso, kuti "I" wowonda asasiye mpata waukulu pambali pa "M" wonenepa. Penti wa mafuta amamusungunula ndi thina. Akapyoza muyeso, penti amayenderera ngati misozi, ntchito yonse yawonongeka. Mthunzi wa chilembo amaumaliza ndi kaburashi, dzanja litatsamira pa kandodo kuti lisanjenjemere.

Zojambula zawo zina zimaseketsa ndithu. Mbuzi ya pakhoma la butchala imakhala yonenepa kuposa iliyonse imene inaphedwapo mmenemo. Ogulitsa manachesi, chipatso chimene Mwanza imatchuka nacho, okhawo safuna mmisiri, milu yawo imadziitanira yokha.

Masiku ano mabana osindikiza pa kompyuta ndi makoma opakidwa mitundu ya Airtel ndi TNM akulanda amisiriwa makasitomala. Komatu bana imasuluka ndi dzuwa, mphepo n'kuing'amba, ndipo nambala ya foni ikasintha mumasindikizitsanso ina. Mmisiri wa burashi amangofufuta manambala akalewo, n'kulembapo atsopano tsiku lomwelo.